Loya wolipidwa ndi wodandaula asamazenge mlandu

Anzanga ena ophunzira zamalamulo amati palibe cholakwika ngati munthu kapena kampani yoberedwa italemba loya wake kuti azenge mlandu m'malo mwa boma. Akuti apolisi amachedwa, mafayilo amasowa, maloya a boma ndi ochepa. Zonsezi n'zoona. Komabe ine ndikukana, ndipo chifukwa changa ndi zomwe zinachitika ku Post Office ya ku Britain.

Pakati pa 1999 ndi 2015, Post Office inazenga milandu anthu pafupifupi 700 oyendetsa nthambi zake, ati anasowetsa ndalama. Umboni waukulu unkachokera mu Horizon, pulogalamu ya kompyuta ya kampani ya Fujitsu, yomwe inkatha kusonyeza kuti ndalama zaperewera pamene palibe watenga kanthu. Yodandaula inali Post Office. Yofufuza, Post Office. Yolipira maloya ozenga milanduyo, Post Office yomweyo.

Seema Misra anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 15 mu 2010 ali woyembekezera. Kutatsala masiku ochepa kuti mlandu wake uyambe, maloya a Post Office anali atalandira lipoti lonena za vuto lina mu Horizon. Loya wa mayiyu sanapatsidwe lipotilo. Mu 2013 loya wina wolembedwa ndi Post Office yomweyo anachenjeza kuti katswiri wa Fujitsu yemwe ankachitira umboni m'makhothi sanaulule zolakwika za pulogalamuyo zomwe ankazidziwa. Chenjezolo linakhala m'kabati mpaka 2020. Mu April 2021 khothi la apilo linafafaniza zigamulo za anthu 39, kuphatikizapo mayi Misra, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera loyeretsa ena ambirimbiri. Ena anali atamwalira kale.

Wozenga mlandu ali ndi udindo umene loya wamba alibe. Akapeza umboni wothandiza woimbidwa mlandu, ayenera kuupereka kwa loya wake, ngakhale utagwetsa mlandu wonse. Akaona kuti umboni ndi wofooka, ayenera kuusiya mlanduwo. Tsono tandiuzani, loya amene malipiro ake akuchokera kwa wodandaula angapite kwa bwana wake n'kunena kuti "bwana, kompyuta yanu ndi imene ikunama, ndipo ndikukauza khothi"? Alipo angatero, koma ufulu wa munthu sungadalire mwayi woti wakumana ndi loya wolimba mtima.

Ena akuti woweruza alipo, aona chilungamo. Woweruza amaona zimene zafika patebulo pake basi. Pepala lotsekeredwa mu ofesi ya wozenga mlandu sangalilote. Khothi lalikulu la ku America linaona ngozi imeneyi mu 1987, pa mlandu wokhudza kampani ya Louis Vuitton, pamene linagamula kuti maloya a kampaniyo sankayenera kusankhidwa kuzenga mlandu anthu onyozera chigamulo choteteza kampani yomweyo.

Kuno kwathu gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limalonjeza woimbidwa mlandu aliyense kuweruzidwa mwachilungamo, ndipo gawo 99 limapatsa mkulu wozenga milandu ya boma mphamvu yolanda kapena kuthetsa mlandu woyambidwa ndi wina. Mphamvuyo aziigwiritsa ntchito. Wodandaula wandalama alembe loya woti azimulangiza, kapena akasume mlandu wofuna chipukuta misozi. Koma bambo wogwira ntchito m'sitolo, amene akudikira loya wa Legal Aid Bureau, asazengedwe mlandu ndi loya wolipidwa ndi mwini sitoloyo.