Kodi Tigule Makina Owerengera Mabuku?

Mwezi uno tikambirane za kanthu kena kamene ana athu a ku sukulu zazikuru ayamba kukatchula m'nyumba zathu. Kanthuko Azungu akatcha e-reader, ndiko kunena makina owerengera mabuku. Kukula kwace kalingana ndi buku la mapemphero, koma ndi kopyapyala. Pamaso pace pali galasi pamene paonekera malemba, ndipo m'kati mwace mungathe kulowa mabuku oposa 1,000. Makina amene amveka koposa ndiwo a Kindle, amene kampani ya Amazon ya ku America inayamba kugulitsa m'caka ca 2007. Tsono funso lathu ndi ili: kodi banja la Cikristu la kumudzi, litagulitsa fodya kapena mtedza wace, liyenera kuikapo ndalama zace?

Tiyambe ndi zabwino, pakuti sikuyenera kunyoza nzeru zimene Mulungu anapatsa anthu. Coyamba, tonse tidziwa adani a pepala, ndiwo ciswe, makoswe ndi denga lodontha. Koma ciswe sicidya galasi. Caciwiri, malemba ace angathe kukuzidwa, kotero kuti agogo amene maso ao ayamba kucita cidima awerenganso okha. Cacitatu, makinawa sadya moto wambiri monga foni, cifukwa galasi lace limwa moto makamaka pamene mutembenuza tsamba. Mukawadzaza kamodzi akhala masabata. Cacinai, alipo mabuku aulere: nkhokwe yotchedwa Project Gutenberg, imene inayamba m'caka ca 1971, iri nao oposa 70,000. Kwa mwana wophunzira amene sukulu yace iribe nyumba ya mabuku, ici ndi cuma cenicheni.

Koma akuru anati, cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Moto umene makinawa afuna, ngakhale uli wocepa, ufunikabe, ndipo midzi yathu yambiri iribe magetsi. Kawirikawiri kuikamo buku latsopano kufunanso intaneti, imene iri ndi mtengo wace. Ndiponso mabuku ambiri a m'menemo ali m'Cingerezi. A m'cinenero cathu ndi owerengeka. Nanga mai amene sanaphunzire Cingerezi apindulanji? Kumbukiraninso kuti buku la pepala likagwa pansi, mulitola ndi kulipukuta fumbi. Koma galasi likasweka, mabuku onse atsekeka tsiku limodzi, ndipo wokonza sapezeka pa msika wa kwathu.

Pali cina cimene ogulitsa sanena mokweza. Munthu akagula buku la m'makina ku masitolo akuru aja, kawirikawiri sagula buku lenileni, agula cilolezo ca kuliwerenga. M'caka ca 2009 a Amazon anafafaniza mabuku awiri a George Orwell m'makina a anthu amene anali atawalipira kale. Anabweza ndalama napepesa, koma anthu anaona kuti dzanja la mwini sitolo lifika kufikira m'thumba mwao. M'caka ca 2019 a Microsoft anatseka sitolo yao ya mabuku otere, ndipo mabukuwo analeka kutseguka, ngakhale ndalama zinabwezedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Buku la pepala mungathe kubwereka mnansi, kupatsa mwana pa tsiku la Ukaristia woyamba, ndi kusiyira mdzukulu. Johannes Gutenberg anasindikiza Baibulo ku Mainz ca m'ma 1455, ndipo ena a mabuku amenewo akalipo kufikira lero, malemba ace akuoneka bwino.

Taganizaninso za madzulo m'banja la Cikristu. Atate atsegula Malembo Oyera, amene anatuluka m'caka ca 1966, kapena Buku Loyera la 1998. Ana aona bukulo liri pa malo ace aulemu, nadziwa kuti siliri ngati zinthu zina za m'nyumba. Pa tsamba loyamba palembedwa masiku a ubatizo ao ndi maina a akufa amene tiwapempherera. Mau a Mulungu sasintha cifukwa ca galasi kapena pepala. Koma mwana aphunzira ulemu ndi maso asanauphunzire ndi makutu.

Cifukwa cace uphungu wanga ndi uwu. Banja liyambe lagula Baibulo, Katekisimu ndi buku la mapemphero ndi nyimbo, zonse za pepala; pambuyo pace fizi ndi makope a ana. Izi zisanakwanire, musakongole ndalama cifukwa ca makina. Koma pamene pali mwana wa ku sekondale kapena wa ku koleji wodziwa Cingerezi, ndi sola yodzazira moto, makinawa ndi mthandizi wabwino. Bwino koposa ndi kuti sukulu kapena mphakati asonkhe, nagule amodzi obwerekana, mphunzitsi akhale wosunga. Ndipo inu makolo, funsani cimene ciri m'katimo, pakuti mabuku oipa alowa pa khomo lomwelo limene alowera abwino.

Mulungu adalitse mabanja anu, ndipo Amai Maria akusungeni nonse kufikira mwezi wa mawa.