Wankhondo wa pa lamya aziima payekha

Masewera a nkhondo a pa intaneti alowa m'malamya a ana athu, kuyambira kuno ku Chingodzi mpaka ku Angónia ndi Tsangano. Ena mwa masewerawa ndi Old School RuneScape, amene anafika pa lamya mu 2018. Wosewera amaumba munthu wake, kumupatsa lupanga, n'kumutumiza kukalimbana ndi zilombo.

Ife tikuti mwana wa kumalire aziumba wankhondo woima payekha. Kumidzi netiweki imadukaduka, ndipo anzake akutali samudikira. Ikaduka ndewu ili mkati, wankhondo wosatetezeka amafa, n'kudzuka ndi zinthu zitatu zokha, zina akazitole pamanda. Apo mamega ogula ndi ndalama ya chimanga apita pachabe.

Choncho inu anyamata, musakomedwe ndi mphamvu ya nkhonya yokha. Kwezaninso chitetezo, valani chishango ndi zovala zachitsulo. Phunzirani kuwedza ndi kuphika, pakuti nsomba yophika ndiyo imabweza moyo pankhondo. Kuthamanga si kufika. Mamega akatha, ikani lamya pansi, kumunda kukudikira.