Pemiti ikakanidwa ku Joni, khothi limabwera pomaliza

Mabanja ambiri ku Mangochi, Mzimba ndi Nkhata Bay amadalira ndalama zochokera kwa abale awo amene akugwira ntchito ku South Africa. Tsiku limene nthambi ya Home Affairs yakana kupereka kapena kuwonjezera pemiti ya m'bale wotere, nako kumudzi moto umayamba kuzilala pamafuwa.

Zikatere, ambiri amaganiza zothamangira kukhothi. Koma malamulo a dzikolo ali ndi ndondomeko yake, ndipo woidumpha amangotaya ndalama kwa maloya.

Malinga ndi gawo 8 la lamulo la Immigration Act la 2002, munthu wokanidwa ali ndi masiku 10 ogwira ntchito, kuyambira tsiku lomwe walandira kalata, kuti achite apilo kwa mkulu wa nthambiyo. Naye akakana, pali masiku ena 10 okadandaula kwa nduna.

Njirazi zikatha m'pamene bwalo la High Court lingaunike chigamulocho, potsata lamulo la Promotion of Administrative Justice Act la 2000. Lamuloli limati nkhani ifike kukhothi mosachedwa, pasanadutse masiku 180, ndipo wodumpha maapilo amamvedwa pokhapokha pali zifukwa zapadera.

Izi zidaoneka mu 2009 pa mlandu wa Koyabe, pomwe nzika za ku Kenya zidalandidwa zilolezo zokhalira m'dzikomo. Bwalo la Constitutional Court lidati anthuwo adayenera kuyamba akaonekera kwa nduna asadapite kukhothi.

Chinanso chomwe chimakhumudwitsa ambiri n'chakuti woweruza safunsa ngati munthuyo ndi wolimbikira ntchito kapena ali ndi ana kusukulu. Iye amaona ngati akuluakulu a boma adatsata lamulo, adamva mbali ya wodandaula komanso adapereka zifukwa zomveka. Akapeza cholakwika, nthawi zambiri amabweza nkhaniyo ku Home Affairs kuti aionenso. Choncho kupambana mlandu sikutanthauza kuti pemiti yatuluka.

Apa zikuonetsa kuti nkhondo yeniyeni ili m'masiku 10 oyambirira aja. Kalata yokana iyenera kusungidwa bwino, tsiku loilandira lilembedwe, ndipo mwini wake afunse msanga mabungwe ngati Lawyers for Human Rights mmalo mwa madobadoba olonjeza mapepala achidule.

Akumudzi nawo asamangofunsa za ndalama ya mwezi uno. M'bale akaimba foni kuti pemiti yakanidwa, funso loyamba likhale lakuti kalatayo adailandira liti.