Mwana akungobwera ndi mapepala ndi tizidutswa ta nsalu

Azakhali,

Ndine mayi wa ana asanu, ndimakhala kwa Magaleta m'boma la Neno. Mwana wanga wamkazi atakhoza Fomu 4 anapeza malo pakoleji ina ya ntchito zamanja ku Blantyre komwe akuphunzira zosoka ndi kujambula masitayilo a zovala. Fizi timalipira tikagulitsa manachesi ndi nandolo, ndipo chaka chatha mbuzi ziwiri zinapita.

Chondidandaulitsa n'chakuti watha miyezi isanu ndi itatu koma sanatisokereko ngakhale kabudula. Patchuthi anabwera ndi chikwama chodzaza mapepala ojambulapo anthu opanda nkhope ndi tizidutswa ta nsalu tosokedwa mizeremizere. Foni ikalira, ndiye kuti akufuna ya nsalu, ya utoto, ya mapensulo. Chonsecho mwana wa aneba anaphunzira pakhonde la telala miyezi itatu yokha, pano akusoka mayunifolomu. Bambo ake atopa, akuti angobwerako adzakwatiwe. Kodi mwanayu akuphunziradi kapena akutidyera ndalama m'tauni?

Mayi wodandaula,
Magaleta, Neno.

Zikomo mayi,

Ndalama ya manachesi imabwera kamodzi pachaka, ndiye simukulakwa kufunsa komwe ikupita. Koma musafulumire kumuitanitsa mwanayo. Mapepala ndi tizidutswa mukutinyozato ndi momwe muli yankho la funso lanu.

Maphunziro a zosoka amayamba ndi zinthu zooneka ngati masewera. Wophunzira amayamba wadziwa makina: kulowetsa ulusi, kuthira mafuta, kusintha singano. Ena amayamba n'kupalasa makina papepala, opanda ulusi, mpaka mzere uziwongoka. Kenako amaphunzira mitundu ya misoko, kupinda, kuika zipi, thumba, kolala ndi mabowo a mabatani, chilichonse pakachidutswa kakekake. Apo m'pamene amafika poyeza munthu ndi tepi n'kujambula patani papepala, nsalu asanaikhudze ndi sizasi. Anthu opanda nkhope mukuwanenawo sajambulira nkhope, amajambulira chovala, kuti kasitomala aone sitayilo nsalu yake isanadulidwe. Pali kudziwanso nsalu: ya thonje imabwerera ikachapidwa koyamba, pomwe ya nayiloni imapsa msanga ndi simbi.

Mwana wa aneba sindikumunyoza, ntchito akuigwira. Koma telala wongodziwa masitayilo awiri atatu amavutika masiku ano, chifukwa kaunjika wadzaza msika uliwonse, kuyambira pa Zalewa mpaka ku Limbe, ndipo shati wamba munthu amangotola pamulu. Chimene kaunjika sangamupatse munthu ndi chovala cha muyeso wake: diresi la chinkhoswe, suti ya chitenje, yunifolomu ya kwaya kapena ya amayi a Mvano. Apa m'pamene wodziwa kujambula ndi kudula patani amadyera.

Komanso maphunzirowa si oyerekeza ayi. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndilo limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'dziko muno, ndipo kuyambira 2015 boma linayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Mufunse ngati koleji ya mwana wanu inalembetsa ku TEVETA komanso kuti akamaliza adzalandira pepala lanji.

Tsopano kuti mtima ukhale pansi, chitani izi.

Choyamba, akabweranso muyale mphasa, atulutse ntchito yake yonse, aisanje kuyambira ya mwezi woyamba mpaka yomaliza. Simufunika kudziwa Chingerezi kuti muone kusintha. Tembenuzani kachidutswa kalikonse muone kunsi kwake. Kodi msoko wawongoka? Ulusi ukulendewera? Zipi ikuyenda bwino? Ngati ya mwezi wachisanu ndi chitatu ikuposa ya mwezi woyamba, mwanayo akupita patsogolo.

Chachiwiri, mum'patse mayeso anuanu. Gulani chitenje chimodzi, akuyezeni, ajambule, adule, mukabwereke makina kwa telala wa pamsika. Siketi kapena bulauzi wamba sayenera kumukanika pofika pano. Kolala ikapendekeka pang'ono musamuseke, akadali paulendo. Koma akamazemba kugwira makina, pamenepo ndiye pali nkhani.

Chachitatu, pezani nambala ya mphunzitsi wake. M'maphunziro otere malikisi ambiri amachokera pantchito imene wophunzira amapereka m'kati mwa teremu, osati pamayeso olemba okha. Mufunse ngati amalowa m'kalasi, ngati amapereka ntchito panthawi yake, ndiponso kuti adzapita liti kukaphunzira ntchito kwa atelala kapena kufakitale.

Za ndalamazo, walira mvula walira matope. Wophunzira zosoka sangaphunzire popanda nsalu, monga wa ukalipentala sangaphunzire popanda matabwa. Koma muuzeni kuti teremu ikamayamba azilemba zonse zofunika papepala limodzi, ndipo pobwera azikuonetsani chimene chinatuluka pansalu iliyonse. Poyeserera sikofunika nsalu yodula. Mashiti a pakaunjika ndi zitenje zakale zimagwira ntchito.

Ndilankhuleko ndi iwe mtsikana, ngati ukuwerenga, pamodzi ndi anzako onse amene mukuphunzira zosoka, zojambula, zosema kapena zonyika nsalu mu utoto. Makolo anu ambiri anazolowera lipoti lokhala ndi nambala, ndiye mukangoti "zikuyenda" samva kanthu. Afotokozereni. Musataye ntchito yanu ngakhale yolakwika, lembanipo tsiku n'kusunga, chifukwa ofuna kukulembani ntchito adzafunsa zimene manja anu anapanga. Ndipo patchuthi musakhale manja lende. Kuika chigamba payunifolomu ya mng'ono wako kapena kubweza diresi la agogo sikuchotsa ulemu wa kukoleji.

Kwa bambo, mayi, muwauze modekha kuti banja silithawa. Akamutulutsa lero, mbuzi ziwiri zija zapita pachabe, ndipo mwana atsala wopanda pepala, wopandanso luso lokwanira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ayambe aona ntchito yake ndi kumva kwa aphunzitsi, kenako mukhale pansi nonse atatu.

Mukapeza kuti ntchito ikuoneka, yambani kusunga pang'onopang'ono ya makina opalasa ndi miyendo, oti sadikira magetsi. Mukapeza kuti palibe chimene akuchita, mundilemberenso tidzaone pogwira.

Azakhali