Bisiketi wa mpunga ndi apozi: uvuni si wa tirigu yekha

Pali chikhulupiriro chimene chidakhazikika m'makhitchini mwathu choti chilichonse chomwera tiyi chiyenera kuyambira m'thumba la fulawa. Mandasi, masikono, buledi, mabanzi, zonsezi mfumu yake ndi tirigu. Chodabwitsa n'choti tiriguyo sitilima wokwanira m'dziko muno. Wambiri amachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale.

N'chifukwa chake nkhondo itabuka pakati pa Russia ndi Ukraine mu 2022, ululu wake tidaumvera pambale ya tiyi. Chaka chomwecho mu May kwacha idagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 n'kugwanso ndi 44 peresenti. Mayi wogulitsa mandasi pa Jenda sadawerenge zonsezi m'nyuzipepala, koma adaziona m'beseni mwake: ndasi lidayamba kuchepa thupi mtengo ukukwera.

Sabata ino ndikufuna tikambe za bisiketi amene safuna tirigu ngakhale supuni imodzi. Luso lake ndi la ku Japan, koma zipangizo zake, kupatula chimodzi, zili m'nkhokwe ndi m'misika yathu yomwe ino.

Chidandikankhira ku lusoli ndi mwana wa achimwene anga. Monga mabanja ambiri a kuno ku Mzimba, ife tili ndi athu ku Joni. Mtsikanayu adabadwira komweko, ndipo madokotala adamupeza ndi nthenda yotchedwa coeliac. Atabwera kudzacheza kuno ku Champhira pa Khirisimasi, tidaona kuti nsima, ndiwo, mbatata ndi mpunga akudya bwinobwino. Vuto lidali nthawi ya tiyi. Anzake akulimbirana mandasi, iye amangogwira kapu ndi manja awiri n'kumayang'ana kumbali. Agogo ake adadandaula kuti, "Mwana wabwera kwawo, ndiye azimwa tiyi wosadyera ngati wamasiye?" Mawu amenewo ndiwo adandiimika pambaula.

Ndifotokoze kaye za nthendayi, poti ambiri tikamva kuti munthu sadya buledi timati ndi matama a m'tauni. Mu tirigu, komanso mu mbewu zinzake za barley ndi rye, muli chinthu chotchedwa gluten. Ndicho chimachititsa kuti fulawa wokanda azitamuka ngati ulimbo, n'kumasunga mpweya kuti buledi afufume. Kwa ambiri a ife chilibe vuto. Koma kwa munthu wa coeliac, thupi limachiona ngati mdani, ndipo polimbana nacho limawononga matumbo ake omwe. Zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba kosatha, kutupa mimba, kuchepa magazi, kuwonda, ndipo kwa ana, kupinimbira. Akatswiri amati padziko lonse munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 100 ali ndi nthendayi, ambiri osadziwa. Amene adatsimikiza kuti gwero lake ndi tirigu ndi dokotala wa ana wa ku Netherlands, Willem Dicke. Iye adaona kuti buledi atasowa m'nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ana odwala nthendayi adayamba kupeza bwino, ndipo buledi atabwerera adayambanso kudwala.

Apa ndichenjeze zinthu ziwiri. Choyamba, zizindikiro ndatchulazi zimafanana ndi za njoka za m'mimba, kunyentchera ndi matenda ena ambiri. Musadzipime nokha pakhonde. Pitani kuchipatala, kaya ku Embangweni, kaya kuboma ku Mzimba, akakuuzeni chochita. Ndipo musayambe mwamuletsa mwana buledi musanaonane ndi dokotala, chifukwa kuyeza kwa nthendayi kumafuna kuti munthu akhale akudyabe tirigu. Chachiwiri, ngati mulibe nthendayi, kusiya tirigu si mankhwala ochepetsa thupi kapena otsitsa shuga. Bisiketi ndi bisiketi basi, muli shuga ndi mafuta.

Tsono bwanji Japan? Anthu a kumeneko mpunga ndiye nsima yawo, ndipo kuyambira kale amaphika zotafuna za mpunga monga senbei ndi mochi. M'zaka zapitazi, poona kuti anthu achepetsa kudya mpunga pomwe tirigu wambiri amachita kuitanitsa kunja, boma lawo lakhala likulimbikitsa ufa wa mpunga, umene amautcha komeko, kuti uzilowa mu buledi, makeke ndi mabisiketi. Vuto lawo likufananako ndi lathu: mbewu ya pakhomo ili apo, ndalama zikupita kukagula ya eni.

Maapozi nawo ali ndi kwawo ku Japan. Chigawo cha Aomori, kumpoto kozizira, chimatulutsa maapozi oposa theka la onse a m'dzikomo. Apozi wotchuka wa Fuji adabadwira komweko, m'tauni ya Fujisaki, ndipo adayamba kugulitsidwa mu 1962. Anthu a ku Japan ali ndi mwambo woti ukapita kudera lina, pobwerera uyenera kutengera abale ndi anzako a kuntchito kachakudya ka kuderalo. Motero wochokera ku Aomori amanyamula zotsekemera za apozi. Bisiketi wa kaphikidwe kawo amakhala wamng'ono, wosatsekemera mopitirira, wokhukhuluzika m'kamwa, ndipo chipatso chimamveka kukoma kwake m'malo momira mu shuga.

Musanati izi n'zachilendo, kumbukirani chigumu, chikondamoyo ndi zitumbuwa. Zonsezi amayi athu akhala akuphika ndi mgaiwa, nthochi ndi soda, popanda fulawa. Chimene masitolo a m'mizinda ikuluikulu amagulitsa modula ndi chizindikiro choti mulibe gluten, ife tidakulira chomwecho. Mlendo ndi amene amayenda ndi kalumo kakuthwa, koma ndevu zometedwazo ndi zathu zomwe.

Nazi zofunika pa mabisiketi ang'onoang'ono pafupifupi 30. Kapu yake ndi ya tiyi wamba.

Ufa wa mpunga makapu 2, nsinjiro zosefa theka la kapu, ufa wa chinangwa masupuni aakulu 3, majarini theka la kapu, shuga masupuni aakulu 6, dzira limodzi, maapozi ang'onoang'ono 2, ndimu theka, soda theka la supuni yaing'ono, ndi kamchere kotsina ndi zala.

Ntchito yaikulu ili pa ufa. Simukusowa Kilombero wa ku Karonga wosankhidwa bwino. Mpunga wosweka, wotsika mtengo uja, ndiwo woyenera, poti ukukasinjidwa basi. Utsukeni, muuviike maola 3 kapena 4, muukhetse madzi n'kuuyanika pamphasa mpaka ungotsala ndi kachinyezi pang'ono. Sinjani mumtondo, sefani, zotsala pasefa mubwezerenso mumtondo. Kenako uyanikeni ufawo uume gwa. Kuchigayo kumathekanso, koma sefani kawiri. Ufa ukakhala wamiseremisere, bisiketi amalumika ngati muli mchenga, ndipo ana sachedwa kunena.

Nsinjiro zili ndi ntchito ziwiri: zimapereka fungo ndiponso zimafewetsa bisiketi, poti ufa wa mpunga pawokha umauma ngati phale. Koma sankhani mtedza wanu bwino. Wofota, wobooka kapena wachuku tayani, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene saphedwa ndi moto ndipo amawononga chiwindi. Ufa wa chinangwa ndiwo ukulowa m'malo mwa ulimbo wa tirigu uja, kuti bisiketi asamwazike. Ukhale wochokera ku chinangwa chokonzedwa bwino, choviikidwa ndi kuumitsidwa mokwanira. Wa kondowole wa fungo lamphamvu musapyoze muyezo, ungaphimbe apozi.

Tsopano maapozi. Asendeni, muwadule tizidutswa tating'ono ngati njere za chimanga. Ikani m'kapoto ndi supuni imodzi ya shuga uja ndi madzi a ndimu, osathira madzi ena. Phikani pamoto wochepa mukutakasa mpaka madzi onse aphwe, tizidutswa tiwale ngati tapakidwa mafuta. Apa ndi pamene pagona chinsinsi chonse. Apozi wamuwisi amatulutsa madzi muuvuni, ndipo m'malo mwa bisiketi mumaphula chigumu chonyowa. Ndimu imateteza apozi kuti asade, komanso kuwawasa kwake ndiko kumadzutsa soda. Zisiyeni zizizire.

M'mbale ina pukusani majarini ndi shuga wotsalayo mpaka ziyere. Swerani dzira, pukusaninso. Sakanizani maufa onse atatu, soda ndi mchere padera, kenako muthire m'majarini muja pang'onopang'ono. Pomaliza ikani maapozi. Musayembekezere kuti zitamuka ngati za mandasi. Zimakhala ngati dothi loumbira mbiya. Zikamasweka, thirani supuni imodzi ya mkaka kapena madzi. Ubwino wake ndi woti simungazilimbitse pokanda kwambiri, poti mulibe gluten.

Vindikirani, muziike pamalo pozizira kwa mphindi 30. Musadumphe gawo ili. Ufa wa mpunga umamwa madzi mochedwa, ndipo kudikiraku ndiko kumachotsa mchenga uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Umbani timipira ngati ndimu yaing'ono kwambiri, mutiphwatalitse ndi foloko kuti tikhale tokhuthala ngati chala chaching'ono. Amene muli ndi uvuni wamagetsi, tenthetsani kufika pa 170, muphike mphindi 18 mpaka 20. Enafe uvuni wathu ndi poto wamkulu. Thirani mchenga wouma pansi pake wokwana zala ziwiri, muutenthetse pambaula, muike mbale yachitsulo yopaka mafuta pamwamba pa mchengawo. Vindikirani ndi chivindikiro chachitsulo, makala ambiri pamwamba, ochepa pansi, monga timachitira ndi chigumu. Zitsononkho zouma zimagwiranso ntchito, ndipo nkhalango ya Perekezi ingapumeko. Mabisiketi apsa m'mbali mwake mukayamba kufiira. Ufa wa mpunga sufiira msanga ngati fulawa, choncho musadikire kuti ade pamwamba ponse.

Mukaphula musawagwire. Akadali otentha amakhala ofooka ngati dzira, koma akazizira amalimba. Sungani m'chitini chotseka bwino, ndipo chifukwa cha chipatso chija, adyedwe m'masiku 3 kapena 4.

Ngati mukuphikira munthu wa coeliac, ukhondo wake ndi wina. Sefa, mthiko, mbale ndi thebulo zimene zakhudza fulawa zitsukidwe bwino kaye. Mafuta amene mwakazingira mandasi musagwiritse ntchito. Nyenyeswa zochepa chabe zimakwana kumudwalitsa. Muziwerenganso zolembedwa pamapaketi, poti tirigu amabisala m'masoseji ena ndi m'supu za ufa.

Ndikudziwa funso lili m'mitima mwanu: apozi n'ngodula. N'zoona. Ambiri amene timawaona atapakiridwa m'misika yathu amachokera ku South Africa, ndiye tikhala tathawa tirigu wakunja n'kugwera chipatso chakunja. Yankho langa lili pawiri. Loyamba, maapozi awiri okha akukwanira mabisiketi 30, ndipo ofota kapena obanduka, amene ogulitsa amatsitsa mtengo madzulo, ndi abwino kuphikira. Lachiwiri, kaphikidweka sikakakamira apozi. Mapichesi olimba, amene amabereka bwino kumtunda kuno, amachita bwino kwambiri. Mango osapsetsa nawo amalowa, chimodzimodzi gwafa wochotsa njere. Lamulo ndi lomwe lija: dulani tating'ono, phikani madzi aphwe.

Komabe ndimadzifunsa ndikamamva kuzizira kwa June ndi July kuno ku Champhira. Mtengo wa apozi umafuna chisanu kuti uphuke maluwa, ndipo pali mitundu monga Anna imene imakhutira ndi chisanu chochepa, mwakuti imalimidwa m'maiko otentha. Amene muli ndi dimba kapena malo kuseri kwa nyumba, kafunseni alangizi a zaulimi ku EPA ngati dera lanu lingalole. Mtengo womezanitsa sutenga moyo wonse kuti ubereke.

Pali phunziro linanso lochokera ku Japan komweko limene tidalilandira kale. Mu 1979 bwanamkubwa wa chigawo cha Oita, Morihiko Hiramatsu, adayambitsa ndondomeko yoti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chimodzi chodziwika nacho, chopangidwa kuchokera ku zimene uli nazo. Malawi idatengera ganizoli mu 2003 pansi pa dzina la OVOP, mothandizidwa ndi bungwe la JICA. Tsono taonani pa Jenda. Mabasi a pamsewu wa M1 amaima tsiku ndi tsiku, apaulendo n'kugula tomato, anyezi ndi mbatata. Zonsezo n'zosaphika, ndipo phindu la kuzisandutsa chinthu china limakadyedwa kwina. Koma bisiketi amene mwana akulirira pawindo la basi yomweyo ndi wa m'paketi, wochokera kutali. Gulu la amayi a banki m'khonde likhoza kuyesa beseni limodzi, kuwerengera bwino zimene lalowetsa, n'kuona ngati msika ukuvomera. Sindikulonjeza chuma. Ndikungoti mtengo wa mpunga wosweka ndi mtedza umapangidwa pafupi ndi ife kusiyana ndi mtengo wa tirigu.

Mtsikana wa achimwene uja adanyamula chitini chodzaza pobwerera ku Joni, koma chimene chidandigwira mtima ndi china. Asuweni ake, amene alibe vuto lililonse ndi tirigu, ndiwo adayamba kufunsa kuti tiphikanso liti. Mbale idakhala imodzi, palibenso wodyera payekha.

Yesani Loweruka likubwerali. Amene muyese ndi mapichesi kapena ufa wa mawere, tilembereni kutsamba lino mutiuze mmene zakhalira, ena aphunzirepo. Sabata yamawa tidzakamba zoumitsa zipatso padzuwa, kuti mango a December tizidyabe mu June.