Digiri ya Columbia pakati pa ndale ndi usilikali ku West Point

Kuyambira m'chaka cha 2005, sukulu yophunzitsa akuluakulu a asilikali ya West Point m'dziko la America yakhala ikuchita chinthu chomwe ambiri sachiyembekezera kwa asilikali. Kaputeni kapena meja yemwe wasankhidwa kuti akayang'anire gulu la ophunzira usilikali sayamba ntchitoyo tsiku lomwelo. Amayamba wakhala pansi chaka chathunthu, nkuchita digiri yachiwiri pa za kaganizidwe ndi khalidwe la anthu akakhala m'magulu. Digiriyo imachokera ku Teachers College, sukulu ya m'banja la yunivesite ya Columbia mumzinda wa New York, pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 kuchokera ku West Point. Ndondomekoyi idatchedwa dzina la Dwight Eisenhower, yemwe adaphunzira ku West Point ndipo adatsogolerapo Columbia asadakhale mtsogoleri wa dzikolo.

Ntchito ya msilikaliyu imafunika kuimvetsa. Ophunzira a ku West Point, omwe ndi oposa 4 000, amagawidwa m'magulu 36, ndipo gulu lililonse lili ndi mkulu wake. Iyeyu saphunzitsa masamu kapena mbiri. Amaona momwe wophunzira akudzukira, momwe akulamulira anzake ang'onoang'ono, momwe akuyankhira akalakwa. Ndiye amalangiza, amalanga, amalemba malipoti omwe amatsata mnyamata kapena mtsikanayo mpaka atamaliza zaka zake zinayi. Kunena mwachidule, ndi nkhoswe ya khalidwe.

Chifukwa chomuphunzitsira mwapadera chimaoneka bwino pa nkhani ziwiri zochititsa manyazi. Mu 1976, ophunzira oposa 150 adachoka kapena kuchotsedwa atabera mayeso a za magetsi. Komiti yomwe idafufuza nkhaniyo, motsogozedwa ndi Frank Borman yemwe adazungulirapo mwezi pa ulendo wa Apollo 8, idapeza kuti vuto silidali la ophunzira okha, koma la sukulu yonse, ndipo ambiri mwa iwo adaloledwa kubwerera. Mu 2020 zidachitikanso: ophunzira 73 adawaganizira kuti adabera mayeso a masamu omwe adalembera kunyumba pa nthawi ya Covid-19. Asanu ndi atatu adachotsedwa, oposa 50 adabwereza chaka. Pafupifupi onsewo adali a chaka choyamba, ndipo adali kutali ndi maso a owayang'anira.

Lamulo la sukuluyi ndi lalifupi: wophunzira asaname, asabere, asabe, ndipo asalekerere mnzake wochita zimenezi. Mbali yomalizayo ndiyo yovuta. Usilikali umaphunzitsa munthu kusataya mnzake ngakhale zipolopolo zikuwomba, kenaka nkumuuza kuti akamuneneze mnzake yemweyo akaonera mayeso. Kukuwa pa perete sikungamasule mfundo yotere. Pamafunika munthu wodziwa chomwe chimachititsa gulu kubisa mlandu, ndi momwe mantha amasiyanirana ndi ulemu. Izi ndizo amakaphunzira ku Columbia, pamodzi ndi luso lolangiza munthu payekha komanso losintha chikhalidwe cha bungwe.

Asilikali ena a dzikolo adaona chimodzimodzi. Sukulu ya asilikali a m'madzi ku Annapolis ndi ya asilikali a mumlengalenga ku Colorado Springs nazonso zidakhazikitsa madigiri otere mogwirizana ndi mayunivesite a anthu wamba.

Koma ubalewu wagwa m'nyengo yoipa. Mu Januwale 2025, Pulezidenti Donald Trump adasayinira lamulo loletsa sukulu za asilikali kuphunzitsa zomwe boma lake limati zimagawa anthu potengera mtundu kapena kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Mwezi wotsatira West Point idathetsa makalabu 12 a ophunzira, kuphatikizapo ya amayi ophunzira uinjiniya. Mu Meyi, Graham Parsons, mphunzitsi wa filosofi, adalengeza kuti akusiya ntchito ndipo adalemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti sukuluyo yataya ufulu wa maphunziro. Columbia nayo idalawa mkwapulo: mu Malichi boma lidaimitsa thandizo la $400 miliyoni poidzudzula kuti idalephera kuteteza ophunzira achiyuda pa zionetsero zokhudza nkhondo ya ku Gaza, ndipo mu Julaye yunivesiteyo idavomera kulipira boma $200 miliyoni. Teachers College ili ndi bodi ndi mtsogoleri wakewake, koma andale akamatchula Columbia sasiyanitsa zimenezo.

Otsutsa ali ndi mfundo yomwe siyenera kukankhidwira pambali. Chaka chomwe kaputeni ali m'kalasi ndi chaka chomwe sali ndi asilikali, ndipo palibe sikelo yoyezera ngati digiri imatulutsa mtsogoleri wabwino. Kubera kwa mu 2020 kudachitika ndondomekoyi itatha zaka 15. Nduna ya zachitetezo Pete Hegseth, yemwe mwiniwake adaphunzira ku Princeton ndi ku Harvard, sabisa kuti amakayikira mayunivesite otchuka ndipo amafuna asilikali aziika mtima pa nkhondo basi.

Komabe chomwe msilikali amapeza kunja kwa mpanda wa baraki si mabuku okha. Amakhala m'chipinda momwe nyenyezi za paphewa sizithetsa mtsutso, momwe ayenera kukopa mnzake ndi mfundo. West Point ili ndi dipatimenti yakeyake ya za khalidwe ndi utsogoleri, yomwe imatenga nawo mbali pa digiriyi, ndipo ikhoza kuphunzitsa zonsezo yokha. Ikatero, kaputeni aziphunzitsidwa ndi kanelo, kanelo azimvera jenerale, ndipo funso lomwe komiti ya Borman idafunsa mu 1976, loti kodi sukuluyo payokha yalakwa pati, lizifunsidwa ndi anthu omwe kukwezedwa kwawo kuli m'manja mwa woyankhayo.