Za ku Dziko Loyera: Chitsime cha ku Nazareti

Mwezi uno tikwere ku Nazareti wa ku Galileya. Ambiri amene Mulungu awapatsa mwayi wa ulendo woyera athamangira ku Yerusalemu kukagwada pa Kalvario ndi pa Manda Oyera, ndimo achita bwino. Koma masautso a Ambuye athu ku Yerusalemu anali a masiku owerengeka, pamene ku Nazareti anakhalako zaka ngati 30, ndipo za zaka zonsezo Mthenga Wabwino utiuza mau ochepa okha.

Lero Nazareti ndi mzinda wa anthu oposa 70,000, pafupifupi onse Aluya, ena Asilamu, ena Akristu. Pa masiku a Yezu kanali kamudzi ka anthu mazana ochepa, kosatchulidwa ngakhale kamodzi m'Chipangano Chakale. M'chaka cha 1955 ansembe a chipani cha Fransisko Woyera, asanamange tchalitchi chatsopano, anakumba pansi, wowatsogolera ali Bambo Bellarmino Bagatti. Nyumba ya mfumu sanaipeze. Anapeza mapanga, nkhokwe zosemedwa m'thanthwe, maenje osungiramo madzi a mvula, moponderamo mphesa, ndi mapale a miphika: chuma chonse cha anthu olima. Tchalitchi chija anachidalitsa mu 1969. Kunsi kwake kuli phanga limene Akristu alilemekeza kuyambira kale monga nyumba ya Maria Virigo, ndipo pa altare yake analembapo m'Chilatini mau a Yohane Woyera onena za Mwana wa Mulungu kusanduka munthu, nawonjezapo liu limodzi, hic, ndiko kunena "pano". Munthu wowerenga liu limenelo sachedwa kugwada.

Komatu malo amene ine ndiwakonda koposa ali pafupifupi theka la mailo kuchokera pamenepo. Ndiye kasupe wa mudziwo. Akristu a mpingo wa Agriki anamangapo tchalitchi cha Gabriele Woyera, ndimo madzi ake akali kutuluka kunsi kwake kufikira lero. Iwo ati Mngelo anayamba kumlonjera Maria pamene anali kutunga madzi. Luka Woyera sanalembe zimenezo, tsono ife sitiziphunzitsa monga za chikhulupiriro. Chodziwika ndi ichi: ameneyu ndiye anali kasupe wamkulu wa mudziwo. Pa malo ena oyera anthu ophunzira atsutsana, wina ati pano, wina ati apo; pa madzi mkangano uchepa, pakuti mudzi ukhoza kupasuka ndi kumangidwanso, koma kasupe sasamuka. Akazi a ku Nazareti anali kubwera kuno ndi mitsuko yao, ndipo Amai a Mulungu analibe wantchito.

Inu amai, amene mumadza kwa ife aphunzitsi ndi dandaulo lakuti ntchito zakuchulukirani, kotero kuti nthawi ya kupemphera isowa, taganizani bwino. Maria anaika nkhata pamutu m'mawa ndi madzulo, anadikira anzake kuti atunge, anamva miseche ya pachitsime monga muimva inu, nabwerera kwao osaisenza pamodzi ndi madziwo. Anatunga ali ndi pakati, anatunganso Mwana akuyenda pambuyo pake. Eklezia saphunzitsa kuti iye anali woyera pa ola la kupemphera lokha. Njira ya ku chitsime kapena ku mjigo ikwanira Tikuoneni Maria khumi, ndipo lilime limene lili pa korona silipeza mpata wa kudya mnansi.

Nanunso abambo musati nkhani iyi nja akazi. Ndaona m'midzi mwathu mkazi wodwala, pena wotsala masiku ochepa kuti achire, akukwera chitunda ndi ndowa pamutu, mwamuna wake ali pa bawo, njinga ili chotsamira khoma. Mukafunsa ati kutunga madzi nkwa akazi, anzanga angandiseke. Kodi muyesa kuti Yosefe Woyera, mmisiri wa manja a zikang'a, anakhala pansi kuyang'ana zotere? Ndaonanso ana aakazi akujomba sukulu ndi katekisimu chifukwa cha madzi, alongo ao ali kusewera mpira. Mlandu umenewu ngwa mwini nyumba, ndipo auyankha yekha.

Papa Paulo VI anafika ku Nazareti pa 5 Januwale 1964, natcha mudziwo sukulu, natchula maphunziro ake atatu: kukhala chete, moyo wa banja, ndi ntchito. Iye anachita kuwoloka nyanja kuti akaone zimenezi, ndipo sanakhaleko ngakhale tsiku lathunthu. Alendo a masiku ano nawonso atsikira kunsi kwa tchalitchi cha Gabriele Woyera, namwako madzi, ena nadzaza timabotolo kuti akapatse abale kwao.

Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzatsikira ku nyanja ya Galileya, kwao kwa Petro ndi asodzi anzake.